Galimoto ya magetsi siitchajidwa ngati foni

Mafuta akangosowa, galimoto n'kundandalika pa mafiling'i siteshoni kuyambira m'bandakucha, foni yanga imayamba kulira ndi funso lomwelomwelo: "Amisiri, bwanji osangoika masoketi pa siteshoni iliyonse, tonse tigule galimoto za magetsi?" Ndagwira ntchito ya magetsi zaka zambiri, ndipo funsoli landitopetsa. Soketi ndi kanthu kotsika mtengo. Nkhani yagona pa waya, pa thiransifoma, ndi pa magetsi enieniwo.

Ketulo yowiritsira madzi imakoka pafupifupi 2 kW kwa mphindi zochepa, kenako n'kuzima yokha. Tchaja yothamanga, ya mtundu umene umafunika m'mbali mwa msewu, imayambira pa 50 kW. Amenewo ndi maketulo 25 oyatsidwa nthawi imodzi kwa theka la ola kapena kupitirira. Mukaika ziwiri, mwameza thiransifoma yonse ya 100 kVA, yonga imene imawunikira nyumba zambirimbiri m'dera lanu. Mwini siteshoni ayenera kukapempha three phase, magetsi amphamvu onga a m'zigayo, ku ESCOM, kawirikawiri ndi thiransifoma yakeyake, ndipo ndalama zambiri zimathera pamenepo. Akamaliza zonsezo adikire makasitomala amene mwina azibwera awiri pa sabata. Wamalonda akudikira kuti galimoto zichuluke, wogula galimoto akudikira kuti matchaja achuluke.

Kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre pa msewu wa M1 ndi makilomita oposa 300. Galimoto ya magetsi ya Nissan Leaf yakale, ya batire ya 24 kWh (mayunitsi 24 a magetsi), imene yatumikira kale zaka zingapo ku Japan, singafike ngakhale theka la ulendowo osatchajanso. Imafunika kupeza tchaja pa Dedza, ina pa Ntcheu, ina cha ku Zalewa, ndipo zonse zikhale zamoyo tsiku limenelo. Imodzi ikafa, galimoto ikokedwa, chifukwa magetsi sunganyamule m'chigubu. Ndiyenso milomo yotchajira galimotozi ndi ya mitundu yosiyana. Leaf ya ku Japan imalandira CHAdeMO, za ku Ulaya zimalandira CCS2, zopangidwira msika wa ku China zimalandira GB/T. Ukhoza kufika pa tchaja yatsopano, magetsi alipo, koma pulagi osalowa.

Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi, Shire: Nkula, Tedzani, Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi 130 MW ndipo tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira kwa nthawi yoposa chaka. Sindikunena kuti tisiye maganizo a galimoto za magetsi, ayi. Mafuta timagula ndi ndalama zakunja zimene tilibe, pamene dzuwa tili nalo. Sola ya ku Salima imapereka 60 MW, ya ku Golomoti 20 MW ndipo ili ndi mabatire. Galimoto yotchajidwa masana pa ofesi kapena pamsika imagwirizana bwino ndi magetsi a dzuwa. Yotchajidwa madzulo, aliyense akuphika, imangolemetsa thiransifoma yotopa kale.

Koma chimene chimandisowetsa tulo ndi chimene anthu akuchita poona kuti matchaja a pamsewu ndi osowa.

Bambo wina anaitanitsa Leaf kudzera ku Dar es Salaam. Anapeza mnyamata wodzitcha wamagetsi, wopanda chiphaso chilichonse, amene anamuuza kuti ndi ntchito ya mphindi khumi. Mnyamatayo anadula pulagi ya ku Japan, n'kulumikiza ya kuno ndi tepi, waya wa earth, wotetezera ku shoko, anangomusiya akulendewera. Chingwe chitaperewera anaonjezera ekisitenshoni ya pamsika, yonga ya TV, kuidutsa pa windo la chipinda cha ana kupita kugalaja. Kwa milungu itatu zonse zinkaoneka bwino. Mayi wa pakhomopo anadandaula kangapo kuti usiku m'chipindamo mukumveka fungo la pulasitiki. Bambowo anati andiitana mwezi ukatha.

Anandiitana asanathe mweziwo, 4 koloko m'mawa. Ndinapeza soketi itasungunuka n'kusanduka phala lakuda, katani itapsa mpaka theka, khoma lili bii kufika kudenga. Bedi la mwana wa zaka zisanu linali phazi limodzi kuchokera pa soketiyo. Mwanayo anadzuka chifukwa cha chifuwa, n'kukagogoda kwa makolo ake. Mpaka lero ndikamva fungo la waya wopsa ndimaona kabedi kaja.

Breaker, yomwe imadula magetsi akapitirira muyezo, sinagwe, ndipo anthu amadabwa ndikanena zimenezi. Magetsi sanapitirire muyezo. Soketi ya m'nyumba ya 13 A imapirira ketulo kwa mphindi zisanu, koma galimoto imakoka mphamvu yonga yomweyo usiku wonse osapumira, ndipo batire ya 40 kWh pa soketi yotere imafuna maola oposa 13. Pamene waya walumikizidwa mosalimba pamatentha pang'onopang'ono, usiku ndi usiku, mpaka pulasitiki kugonja.

Ngati mwagula kale galimoto yotere, itanani wamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, ndipo chiphasocho muchione ndi maso anu. Akukokereni waya wakewake kuchokera pa bokosi la mabreaker, wonenepa mokwanira, wokhala ndi breaker yake ndi chotetezera cha earth leakage, chodula magetsi akayamba kuthawa m'waya, ndipo ayeze earth ya nyumbayo inu muli pomwepo. Ekisitenshoni isayandikire galimoto. Ikatchaja kwa ola limodzi, gwirani pulagi ndi dzanja. Mukaimva kutentha, kapena mukaona soketi yayamba kuda m'mabowo, zimitsani usiku womwewo, musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi.