Mowa kapena chamba zikamugwira munthu, thandizo limayambira pachipatala cha boma lanu lomwelo

Uthengawu ndi wa inu amene mwayesapo kusiya mowa kapena chamba koma zikukanika, komanso wa inu amayi, akazi ake kapena achimwene a munthu otero amene mwafika potopa naye. Tikuganizira kwambiri anthu a m'matauni ang'onoang'ono ngati Mponela, Ntaja, Lizulu kapena Jenda, komwe shabini ili pafupi kuposa chipatala ndipo ukangolowa chitseko cholakwika m'mawa, pofika masana msika onse wamva.

Choyamba tigwirizane kuti uchidakwa ndi matenda. Munthu akamwa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yaitali bongo umazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi, ndiye ukasowa thupi limayamba kuvuta, apa nkhani yoti alibe khalidwe kapena analodzedwa sikuthandizanso. Mudzazindikira kuti zafika pa matenda mukaona izi: chibaba chosapirika, mowa omwe unkamukwana kale pano sakuumva mpaka awonjezere, akadzuka manja akunjenjemera ndipo amayamba wamwa kaye ati kuchotsa matsire, walonjeza kangapo kuti basi ndasiya koma sabata siitha, ndipo akupitirizabe olo ntchito yatha, banja likugwedezeka, njinga ya kabaza anaipinyolitsa.

Musamusiyitse mwadzidzidzi pakhomo

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa ndi mtima wabwino omwe. Amamutsekera m'chipinda, ena mpaka kumumanga, kuti mowa uchoke m'thupi. Kwa munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku lililonse, makamaka kachasu ndi timabotolo totchipa tija tinalowa m'malo mwa masacheti boma litawaletsa, kusiya kamodzin'kamodzi kukhoza kumupha. Pakangotha maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza amayamba kunjenjemera, thukuta, kusanza, mtima kuthamanga, tulo osabwera. M'masiku awiri oyambawo ena amagwa ngati a khunyu. Tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ndiye loopsa kwambiri, munthu amasokonekera mutu, osadziwa komwe ali, kuona tizilombo kapena njoka pakhoma zoti enanu simukuziona, thupi kutentha. Anthu amathamangira kunena kuti ndi ziwanda kapena malungo a mu ubongo, chonsecho ndi thupi likufuna mowa. Zikafika apa pezani galimoto kapena njinga yamoto mupite naye kuchipatala usiku omwewo, ndipo mukafika nenani chilungamo kuti amamwa chani, wochuluka bwanji, wamwa liti komaliza. Musabise chifukwa cha manyazi, dokotala akadziwa msanga amapereka mankhwala oyenera msanga.

Kuchipatala amapereka mankhwala oziziritsa thupi monga diazepam kwa masiku ochepa, akumachepetsa pang'onopang'ono, ndi vitamini B1 yemwe zidakwa zambiri zimasowa chifukwa chosadya, ndipo akasowa kwambiri bongo umawonongeka munthu n'kuyamba kuiwalaiwala mpaka kalekale. Diazepam ameneyu musakagule nokha pa golosale kapena kwa ogulitsa mankhwala pamsika, akaphatikizana ndi mowa amatha kuimitsa kupuma, komanso naye amakola munthu.

Wina akaledzera mpaka kukomoka osadzuka olo mumugwedeze, mugonekeni cham'mbali kuti akasanza asatsamwe, musamusiye yekha kuti agone ziphwe, musamuthire madzi kapena phala mkamwa. Ngati akupuma mwapatalipatali, kapena wamwa mowa osadziwika bwino kenako akudandaula kuti maso akuchita chifunga, ameneyo ndi wa kuchipatala pompopompo, mowa wina amasakaniza ndi spiriti wa poizoni amene amachititsa khungu ndi kupha. Paja anthu anaupatsa okha dzina loti ambuye n'tengeni.

Nanga chamba

Lamulo la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa amene ali ndi chiphaso, kusuta sikunaloledwe ayi, achinyamata ena amasokoneza dala pamenepa. Osuta akasiya sagwa khunyu ngati wa mowa koma amakhala waukali, osagona, osafuna kudya, maloto oopsa, ndipo izi zimavuta kwambiri sabata yoyamba n'kumachepa pakatha masabata awiri kapena atatu. Chodetsa nkhawa ndi mwana amene anayamba kusuta ali wamng'ono ndipo akusuta daily, chifukwa mwayi odwala misala umakhala waukulu. Akayamba kuyankhula yekha, kumva mawu, kukayikira kuti mwamuthirira poizoni mu nsima, musadikire kuti avule kaye zovala pamsewu. Ndipo si chamba chokha masiku ano, kuli mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine omwe anyamata akusakaniza ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, kuli tramadol, mankhwala opha ululu, zonsezi zimakola ndipo zimafuna thandizo lomwelo.

Mupite kuti

Yambirani pafupi. Pa health centre auzeni a clinician kapena anamwino vuto lanu, kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kuti kiliniki ya matenda a maganizo imachitika liti. Pachipatala chachikulu cha boma lanu pamakhala anamwino kapena ma clinical officer amene anaphunzira za matenda a maganizo, thandizo lake ndi laulere, tengani buku lanu la kuchipatala ndi wachibale mmodzi amene mumamukhulupirira. Adzakufunsani mafunso a kamwedwe kanu, adzakuyezani BP, mwina shuga, chiwindi, HIV ndi TB, kenako aona ngati mungathandizidwe mukuchokera kunyumba kapena mugonekedwe masiku angapo. Ambiri safunika kupita kutali. Amene zawavuta kwambiri ndi amene amatumizidwa ku Zomba Mental Hospital, ndipo kupita ku Zomba sikutanthauza kuti munthu watha, anthu amapita n'kubwerako n'kuyambiranso geni yawo. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe alinso ndi pologalamu yothandiza anthu kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kumeneko kumakhala kolipira ndiye funsani kaye mtengo musanakwere basi. Ngati mukuopa kuonedwa ndi anthu, imbani kaye 6600, nambala yaulere ya bungwe la YONECO ya nkhani zomwezi.

Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB musasiye kumwa mankhwala poti mwamwa mowa, kudumphitsa ndi kumene kumaononga zinthu. Koma auzeni adokotala kuti mumamwa, chifukwa mankhwala a TB ndi mowa zonse zimalemetsa chiwindi, maso akayamba chikasu bwererani kuchipatala msanga. Amayi oyembekezera, palibe mlingo wa mowa omwe ndi wabwino kwa mwana ali m'mimba, olo masese amene.

Mukabwerera kunyumba

Kuchotsa mowa m'thupi ndi sabata imodzi basi, ntchito yeniyeni ndi miyezi yotsatirayo, ndipo pa tauni yaing'ono imavuta chifukwa simungasamuke, njira yopita kumsika ndi yomweyo yodutsa pa shabini, anzanu a pa siteji ndi omwewo, ndipo wina adzakugulirani dala kuti aone ngati mwasiyadi. Ndiye khalani pansi ndi munthu mmodzi muone nthawi zimene chibaba chimakupezani. Kwa ambiri ndi tsiku la msika, tsiku lolandira malipiro, nyengo yogulitsa fodya kapena soya, pamaliro, pa chinkhoswe, kapena mukangokangana ndi akunyumba. Ndalama yambiri isagone m'thumba mwanu miyezi yoyambayi, apatseni akazi anu kapena ikani ku banki m'khonde tsiku lomwelo. Idyani musanatuluke, njala imakoka chibaba. Madzulo a 4 koloko mpaka mdima ndi nthawi imene ambiri amagwa, ipezereni chochita, kaya ku dimba, ku mpira, ku kwaya, ku mzikiti, bola kusakhale komwe akugulitsa mowa. Chibaba chikabwera chimakwera kenako chimatsika chokha, nthawi zambiri osakwana ola, imbirani munthu foni kapena yendani mpaka chidutse.

Kugwanso kumachitika kwa anthu ambiri ndipo sikuti mankhwala alephera, zili ngati wa BP amene yakweranso, amabwerera kuchipatala osati kutaya buku. Chofunika kusamala ndi choti thupi likakhala nthawi osalandira codeine kapena tramadol silipiriranso mlingo wakale uja, munthu akayambira pomwe anasiyira akhoza kufa tsiku lomwelo.

Kwa inu achibale, yankhulani naye ali bwinobwino, m'mawa, osati ataledzera komanso osati pagulu. Lekani kumulipirira ngongole za ku shabini ndi kumunamizira kwa abwana kuti wadwala malungo, mukutalikitsa vutolo. Zomuthirira mankhwala azitsamba mu chakudya mobisa kuti azisanza akamwa, chonde ayi, chiwindi chake ndi chotopa kale. Mapemphero ndi abwino ndipo amalimbikitsa ambiri, koma apite limodzi ndi chipatala, abusa kapena a shehe abwino adzakuuzani zomwezo. Ngati akumenya inu kapena ana, matenda si chifukwa choti mupirire nkhanza, pitani ku Victim Support Unit ya polisi kapena imbani 116 pa nkhani ya ana. Ndipo akayamba kunena zoti bola kufa, musazitenge ngati zoledzera, bisani mankhwala a mbewu, a makoswe ndi zingwe, pakhale munthu okhala naye, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.