Musanalipire fizi, kaioneni kaye ntchitoyo

Ana ambiri amayamba kuganiza za ntchito pamene zotsatira za MSCE zatuluka, koma pamenepo madzi amakhala atafika kale m'khosi. Chisankho chachikulu chimachitika mwakachetechete polowa Fomu 3, pomwe mwana amasiya maphunziro ena n'kutenga ena. Amene wathawa Physics ndi Chemistry poti anzake amuopseza kuti n'zovuta, wadzitsekera yekha khomo la udokotala ku yunivesite ya KUHeS ndi la uinjiniya ku yunivesite ya MUBAS, ngakhale atadzakhoza ndi mapointi osiririka. Ine monga mphunzitsi wolangiza ana za ntchito, zimenezi zimandiwawa, chifukwa nzeru mwanayo amakhala ali nazo. Chimene chinasowa n'kufunsa basi.

Pofufuza, yambirani pa ntchito yeniyeniyo, kenako muzibwerera m'mbuyo mpaka kufika pa maphunziro a kusekondale. Namwino sangagwire ntchito m'dziko muno asanalembetsedwe ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Madokotala ali m'manja mwa Medical Council of Malawi, ndipo owerengera ndalama ali ndi bungwe lawo la ICAM. Choncho musathamangire kufunsa kuti ndi koleji iti ili ndi malo. Funsani kaye ngati bungwe loyang'anira ntchitoyo likuizindikira kosi imene mukufunayo, ndiponso ngati a NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite, anaivomereza. Mndandanda wa makoleji ndi makosi ovomerezeka a NCHE amautulutsa poyera. Ndaonapo makolo atagulitsa mbuzi ndi matumba a soya kulipirira mwana pa koleji ina ya m'tauni, pamapeto pake pepala lomwe anabwera nalo olemba ntchito osalilabadira n'komwe.

Koma mapepala sanena zonse. Mtsikana amene akuti akufuna unamwino, kawirikawiri amakhala atakopeka ndi yunifolomu yoyera. Apite pa chipatala chaching'ono cha kwawo, apemphe mwaulemu kuti, "Anesi, mukapeza kampata ndimafuna mundiuzeko za ntchito yanuyi." Akamve za usiku umene magetsi azima, mayi akubuula m'chipinda chochilira, namwino ali yekha ndi tochi ya pafoni, ambulansi ili kutali. Ena akamva zimenezi mtima umawagwa. Ena ndi pomwe maso awo amawala, ndipo amenewo ndiwo anamwino amene timawafuna. Onse awiri apindula, chifukwa adziwa zoona asanataye zaka ndi ndalama.

Pa mafunso onse amene mwana angafunse munthu wapantchito, limene ndimalikonda ndi ili: "Anzanu amene munamaliza nawo sukulu ali kuti pano?" Yankho lake limakuuzani ngati ntchito zikupezeka, ngati anthu amadikira zaka asanalembedwe, kapena ngati ambiri anasiya n'kuyamba geni. Funsani anthu angapo, pakuti mmodzi akhoza kukuuzani za mwayi wake kapena mkwiyo wake wokha.

Makolo, pali nkhani ina imene tiyenera kuuzana mosabisa. Tinazolowera kuona sukulu zaluso ngati kothawira olephera, ndipo kumeneko n'kulakwitsa. TEVETA yakhala ikuyendetsa maphunziro aluso kuyambira 1999, ndipo m'makoleji aluso a ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia mumatuluka amisiri a zamagetsi, oika mipope ya madzi, owotcherera zitsulo ndi omanga nyumba. Anthu amenewa amatha kudzilemba okha ntchito. Komabe nakonso kumafunika kukaona ndi maso. Mnyamata wofuna zowotcherera akacheze kwa mmisiri ku Ndirande kapena ku Biwi, aone m'mene manja amapsera, afunse mtengo wa makina, amvenso zimene zimachitika pa tsiku lopanda magetsi kasitomala akudikira geti lake.

Za ndalama muwerengeretu: fizi, malo ogona, chakudya ndi thiransipoti kwa zaka zonse za kosiyo. Ngongole ya boma ya ophunzira m'mayunivesite ilipo, koma safikira aliyense wopempha, ndipo ndi yobweza mukamaliza.

Ntchito yanu makolo si kumusankhira mwana. Muli ndi azibale, anzanu a kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi oyandikana nawo amene amagwira ntchito zosiyanasiyana. Tchuthi chikubwerachi, pemphani mmodzi wa iwo amutenge mwana wanu wa Fomu 2 akakhale naye kuntchito kuyambira m'mawa mpaka poweruka, ndipo madzulo ake mumufunse chimene chamusangalatsa ndi chimene chamutopetsa.