Muli ndi kachipangizo ka magetsi m'thupi? Nenani musanalowe mu MRI

Pali odwala amene madokotala anawaika kachipangizo kotumiza timagetsi tochepa ku mitsempha. Ena n'chifukwa cha matenda a khunyu osamva mankhwala, ena kunjenjemera kwa matenda a Parkinson, ena ululu wosatha wa msana ndi miyendo, enanso kulephera kugwira mkodzo. Batire yake imakhala pansi pa khungu, pachifuwa, pamimba kapena pamwamba pa thako, ndipo kawaya kamachoka pamenepo kukafika mu ubongo, pakhosi kapena mumsana. Ngati ndinu mmodzi mwa iwo, uthenga uno ngwanu.

MRI si ekisire ayi. Imajambula m'kati mwa thupi pogwiritsa ntchito maginito ndi mafunde a wailesi. Makina ambiri ndi a mphamvu ya matesila 1.5 kapena 3, ndipo a 1.5 okhawo amaposa maginito a dziko lapansi pafupifupi ka 30,000. Maginitowo sazima, usana ndi usiku, ngakhale pamene sakujambula munthu.

Ambiri amaopera batire, koma choopsa kwambiri ndi waya. Waya uja amakoka mafunde monga imachitira eriyo ya wailesi, ndipo kutentha konse kumakasonkhana kunsonga kwake, pamalo ochepa ngati nsonga ya cholembera, pomwe wakhudza mtsempha. Mnofu wa pamenepo ukhoza kupsa. Ubongo pawokha sumva kuwawa, choncho munthu akhoza kuvulala ali chigonere osazindikira kanthu. Mu 2005 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza zipatala litalandira malipoti a odwala amene anakomoka kapena kulumala mpaka kalekale atajambulidwa ali ndi zipangizo zotere. Nthawi zina kachipangizoko kamangowonongeka, kapena wodwala amamva ngati wagwidwa ndi shoko.

Ndiye musanene kuti "ndingokazimitsa basi." Kuzimitsa sikuchotsa waya. Ngakhale batire inachotsedwa kalekale, waya wotsala m'thupi kapena woduka akhoza kutenthabe, ndipo nthawi zina kuposa waya wabwinobwino.

Izi sizikutanthauza kuti MRI njoletsedwa kwa onse. Zipangizo zambiri za masiku ano zili m'gulu la MR Conditional, la chizindikiro chachikasu cha makona atatu: munthu angajambulidwe, koma potsata malamulo a opanga, monga mphamvu ya makina, mbali ya thupi yololedwa ndi kutalika kwa nthawi. Chizindikiro chofiira chozungulira chodulidwa ndi mzere, MR Unsafe, chikutanthauza kuti musalowe n'komwe m'chipindamo. Malamulowa amasiyana ngakhale pa zipangizo za kampani imodzi, n'chifukwa chake zomwe zinatheka kwa mnzanu si umboni woti zithekanso kwa inu.

Uzani dokotala pomwe akungotchula za MRI, osadikira tsiku lojambula. Tengani khadi lomwe munapatsidwa pambuyo pa opaleshoni, chifukwa manambala a batire ndi a waya ali pamenepo. Ngati linatayika, chipatala chomwe chinakuikani chili ndi mbiri yanu. Tenganinso limoti yanu yoyendetsera kachipangizoko, ndipo ngati batire njotchaja, itchajeni idzaze. Ogwira ntchito adzayesa ngati waya sanaduke, kenako adzazimitsa kachipangizoko kapena kukatchera mwapadera pokonzekera MRI. Limoti ndi chaja zimatsala kunja kwa chipinda. Akalephera kutsimikiza mtundu wa chipangizo chanu n'kukubwezani, musadandaule: kawirikawiri CT (sikani ya ekisire) kapena sikani yogwiritsa ntchito mafunde a phokoso ikhoza kuthandiza.

Mukagona m'makinamo adzakupatsani kampira kofinya m'manja koitanira ogwira ntchito. Mukamva kutentha, kuwawa, kukoka kapena kugwedezeka kwachilendo, finyani pomwepo. Musapirire poopa kuvutitsa anthu.

Akamaliza, musachoke kachipangizo kasanayatsidwe ndi kuyesedwa. Ngati m'masiku otsatira mwayamba kufooka mbali imodzi, dzanzi, chibwibwi chachilendo, kusokonekera mutu, kapena matenda aja abwerera mwamphamvu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene kuti munajambulidwa ndi MRI.