Kupepesa mtsogoleri wa dziko: mwambo wochokera pasiwa

Pamaliro akumudzi munthu safikira kulankhula. Amayamba wakhala pansi, amuna panja, amayi m'nyumba ya siwa, kenako wakubanja amafotokoza momwe zovutazo zagwera: malemu adayamba kudwala liti, adathamangira nawo kuti, adatsirizika nthawi yanji. Akatero m'pamene obwera amati "pepani", chipepeso n'kudzera kwa amfumu. Palibe amene amati "wafa". Amati atisiya, atsogola, ikakhala mfumu amati yagona.

Amalawi akamapepesa mtsogoleri wa dziko amatengera komweko. Pulezidenti amasanduka namfedwa wamkulu, ndiye satchulidwa dzina lokha, amati "Bwana", "Olemekezeka", "inu atate athu". Koma ulemuwu uli ndi mangawa ake. Wopepesedwa amayenera kuyamba wafotokoza.

M'nthawi ya Ngwazi Dr Kamuzu Banda mangawa amenewa sankabwezedwa. Mu May 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, adapezeka atafa ku Mwanza. Boma lidati ndi ngozi ya galimoto, anthu n'kumangonong'onezana, poti ngakhale kukakhuza maliro otere kunali kudziputira. Chipani chimodzi chitatha m'pamene kafukufuku adaonetsa kuti anthuwa adachita kuphedwa. Komabe a Kamuzu atamwalira ku Johannesburg pa 25 November 1997, anthu adawalira ndi maina awo onse aulemu.

A Bingu wa Mutharika adatisiya pa 5 April 2012, koma boma lidalengeza pa 7 April, mphekesera zitafika kale mudzi uliwonse. Chidawawa anthu n'chakuti adabisiridwa maliro awo omwe. Ku Ndata, m'boma la Thyolo, adapitabe mwaunyinji kukaperekeza.

Za a Saulos Chilima, amene anali wachiwiri kwa Pulezidenti, n'zadzulodzuloli. Ndege yawo idagwa m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, Pulezidenti Lazarus Chakwera n'kulengeza m'mawa mwake, ndipo dziko lidakhuza masiku 21. Mauthenga ambiri ankayamba ndi "pepani Bwana", kutamanda malemu ndi chiwongo chawo cha Biyeni, kenako funso: ndegeyo idagwa bwanji? Ku Bingu National Stadium ena adafika pokuwiza Pulezidenti akulankhula. Kukuwiza pamaliro sindikuvomereza, koma anthu aja adabwera kudzamva zomwe wakubanja amafotokoza pasiwa, ndipo adaona kuti sadazimve mokwanira.