Zala za mwana zikayera mbuu ndi kuzizira, osathamangira pa mbaula

Makolo anzanga a muno mu Chipata, Katete, Chadiza ndi konse, June ndi July akafika tiziyang'ana manja a ana athu. Alipo ana ena, makamaka atsikana oti akutha msinkhu, m'mawa akangotsuka mbale ndi madzi ozizira kapena kukwera panjinga kupita kusukulu mphepo ikuwomba, zala zimayera mbuu ngati mulibe magazi, kenako zimabiriwira nkuchita dzanzi, ndiye zikayamba kufunda zimafiira nkumabaya ngati singano mpaka mwana kulira. Pakhungu lathu lakudali muziona kunsonga kwa zala ndi m'zikhadabo. Zakumapazi nazo zimatero.

Kuchipatala amati Raynaud, potengera Maurice Raynaud, dokotala wa ku France amene anafotokoza vutoli mu 1862. Timitsempha tamagazi ta m'zala timafinyika mwadzidzidzi chifukwa cha kuzizira, olo nkhawa chabe ngati ya mayeso, magazi nkulephera kudutsa. Si ufiti ayi, chonde osam'tema mphini, bala pamalo posafika bwino magazi limachedwa kupola.

Chimandiwawa ine ndi ichi, mayi chifukwa cha chikondi amagwira timanja tija nkutisendeza pa mbaula, koma chala chadzanzi sichimva moto, mwana amapsa osadziwa. Tengani madzi ofunda chabe, muyambe mwawayesa ndi chigongono chanu, aviikemo manja, kapena awapane m'khwapa, azungulitse mikono, pakapita mphindi ngati 15 kapena 20 magazi amabwerera. Ndipo si manja okha, thupi lonse lizifunda, juzi, chisoti, masokosi awiri olo a pa salaula, magolovesi akapezeka. Osuta fodya asutire kutali, utsi uja umafinya mitsempha.

Ana ambiri zimathera pompo. Koma zikayamba ali wamng'ono kwambiri, kapena dzanja limodzi lokha, zilonda kunsonga kwa zala, kuwawa m'mfundo za mafupa, zidzolo kumaso, pitani naye kukiliniki akulembereni kalata ya ku Chipata Central Hospital kapena St Francis ku Katete, nthawi zina kumbuyo kwake kumakhala matenda ngati lupus, amene chitetezo cha m'thupi chimayamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Khanda lotupa manja ndi mapazi nkumalira ndi ululu, imeneyo nkhani ina, akalipime siko selo, matenda a magazi otengera kwa makolo. Milomo ikabiriwira nkumabanika, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Zala zikasintha mtundu zijambuleni ndi foni, chifukwa pofika kwa adokotala zimakhala zabwerera kale mwakale.