Kodi khoti limayeza bwanji kusasamala?

Pa 4 Januwale 1944, padoko la New York, ngalawa yonyamula katundu yotchedwa Anna C idamira ndi ufa wa tirigu wa boma la America. Anthu a sitima yokoka ngalawa, ya dzina loti Carroll, adasuntha zingwe zomwe zidamanga ngalawa zingapo pamodzi. Anna C idatengeka ndi madzi n'kukagunda sitima ya mafuta, ndipo idabooka kunsi. Mlonda wa Anna C panalibe. Adachoka dzulo lake madzulo, ndipo panali patapita maola 21. Akadakhalapo, akadaona madzi akulowa n'kuitana anzake okhala ndi mapampu.

Mu 1947, woweruza Learned Hand adafunsa ngati eni ngalawayo nawonso adalakwa. Adati tiike zinthu zitatu pasikelo: mtengo wa chitetezo, mwayi woti ngozi ichitike, ndi kukula kwa chiwonongeko ikachitika. Ngati kuteteza kuli kotsika mtengo kuposa chiwonongeko chomwe tingayembekezere, koma munthu osateteza, ameneyo ndi wosasamala. Doko linali lodzaza chifukwa cha nkhondo, ngalawa zikusunthidwa tsiku lonse, pamene kusunga mlonda mmodzi masana sikunali kodula. Choncho chipukuta misozi chomwe eni Anna C akadalandira kwa omwe adasuntha zingwe aja chidachepetsedwa.

Tiyerekeze kuti muli ndi chitsime pafupi ndi njira. Chivundikiro ndi K20,000. Ng'ombe ya mnansi ikagweramo mwataya K600,000, ndipo mwayi woti igwere ndi umodzi pa khumi. Chiwonongeko choyembekezeka ndi K60,000, kuwirikiza katatu mtengo wa chivundikiro. Mukapanda kuvundikira, mlandu ndi wanu. Koma lamulo silingakukakamizeni kulemba alonda usana ndi usiku, chifukwa apo mankhwala adula kuposa matenda.

Ine mfundoyi ndimaikonda chifukwa imaletsa woweruza kugamula potengera mkwiyo wa pambuyo pa ngozi, nthawi imene aliyense amaona zomwe zikadachitidwa. Imamubweza ku tsiku lomwe ngozi inali isadachitike, n'kumufunsa zomwe munthu wanzeru akadachita ndi ndalama zomwe zinalipo.

Pomwe imandivuta m'pamene wogwera m'chitsime ali mwana. Ufa ndi ng'ombe zili ndi mtengo pamsika, mwana alibe. Makhoti akamawerengera imfa potengera ndalama zomwe womwalirayo akadapeza, banja losauka limalandira zochepa, ndipo wochita bizinesi amaona kuti kuteteza anthu osauka sikumupindulira. Apa m'pofunika malamulo a boma okakamiza chitetezo ngozi isadachitike, osadikira kuti wina akasume.