Mphotho ya mpira wakumudzi inayambira pa kufupa

Kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, chikho cha mpira chinabwera mochedwa. Poyamba wochita bwino ankangofupidwa. Makolo athu ankatero pabwalo la gule: chilombo chikavina mogometsa, kapena mnyamata akaponda bwino ngoma ya Angoni, munthu ankalowa m'bwalo n'kuponya kandalama, amayi akululutira. Mpira utafika m'midzi kudzera m'masukulu ndi m'mamishoni, mwambowo unangosamukira kubwalo lina. Womwetsa chigoli ankathamangiridwa, uyu kumufumbatitsa kandalama, uyo kumupatsa mzimbe.

Nkhondo yapachiweniweni inadula zonsezi. M'zaka za m'ma 1980 mabanja ambiri a ku Angónia ndi ku Tsangano anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, mabwalo n'kumera thengo. Ana okha sanaleke kumenya chikulunga konko. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, anthu anayamba kubwerera, ndipo anyamata analambula mabwalo ndi makasu omwe ankalimira.

M'pamene ine ndinaona mpira wa mbuzi. Ndalama kunalibe, ziweto zitatha ndi nkhondo, choncho munthu wopereka mbuzi kuti midzi iwiri ilimbirane ankakhala wapereka chinthu cholemera zedi. Ankaimangirira pamtengo kuseri kwa golo, ikulira mpaka mpira kutha. Opambana ankadyera limodzi madzulo omwewo, ndipo kwathu chiwindi chinkapita kwa amene wasewera koposa. Sipankakhala komiti yosankha. Mudzi wonse unkakhala utamuona, ndipo nthawi zina chinkagwera goloboyi.

Mu 2000 Maria Mutola, mayi wothamanga wa dziko lathu lino, anapata mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800 pa masewera a Olimpiki ku Sydney. Iyeyu anayambira mpira wamiyendo, akusewera ndi anyamata ku Maputo, ndipo ndimakhulupirira kuti nkhani yake inafewetsa mitima ya makolo ena oletsa atsikana kubwalo. Kenako timu ya União Desportiva do Songo inatenga Moçambola, ligi yaikulu ya mpira m'dziko muno, mu 2017 ndi 2018, chikho cha dziko lonse n'kugona m'chigawo chathu cha Tete.

Lero amalonda ndi alimi a mbatatesi amagula zikho ndi mayunifolomu, wosewera bwino n'kulandira nsapato za mpira. Nsapatozo ndimazivomereza ndi mtima wonse, poti ambiri mwa anawa akusewerabe osavala pabwalo la miyala. Komabe chikho chili pathebulo choncho, chigoli chikalowa mumaona agogo ena akumasula mfundo ya nsalu yawo, akuthamangira m'bwalo ndi kandalama m'manja.